Epifania: kodi alendo a kuvuma aja akutikhudza bwanji ife?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Kawale, mu mzinda wa Lilongwe:

"Bambo Mfumu, ine ndimatsogolera mapemphero mu mphakati wathu. Lamulungu likudzali ndi chaka cha Epifania, ndipo anzanga andipempha kuti ndikawafotokozere tanthauzo lake. Chimene ndimadziwa n'chakuti tsikuli timaika mafumu atatu m'khola, ana n'kutsogolera Misa. Koma mwana wanga wamwamuna, amene ali ku koleji, akuti zoti chipulumutso n'cha anthu onse n'zongotinyengerera. Akuti chipembedzochi n'cha azungu, ndipo mfumu yakuda ija adangoiwonjezera kuti atikope. Akufunsanso kuti ngati n'cha onse, nanga makolo athu amene adamwalira mishoni isanafike ali kuti? Ndasowa chomuyankha."

Mayi, mnyamata wanuyo musamukalipire. Funso lakelo ndi lomwe chakachi chimayankha, ndipo pa mfundo imodzi akunena zoona. Tiyambire pomwepo, chifukwa mwana wa sukulu akaona kuti mukumubisira kanthu kakang'ono, sakhulupiriranso zazikulu zimene mungamuuze.

Nkhani ya alendo a kuvuma imapezeka malo amodzi okha m'Baibulo lonse, pa Mateyo 2:1-12. Mukaiwerenga modekha mupeza kuti Mateyo sakunena kuti anali atatu. Sakuwatchula maina, sakuti anali mafumu, ndipo za khungu lawo sakunenapo kanthu. Ngakhale khola mulibemo. Iye akuti adalowa m'nyumba, naona mwanayo ali ndi amai ake Maria. Popeza Herode adalamula kuti aphe ana aamuna a zaka ziwiri kutsika m'munsi, molingana ndi nthawi imene alendowo adamuuza, zikuoneka kuti panali patapita miyezi ndithu Yesu atabadwa. Buku Lopatulika limawatchula kuti anzeru a kum'mawa, Buku Loyera limati akatswiri a nyenyezi ochokera kuvuma. Palibe limene limati mafumu.

Zinazo zidabwera pang'onopang'ono, Akhristu akamasinkhasinkha nkhaniyi. Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria wa m'zaka za m'ma 200, ndiye woyamba amene timamudziwa kuti adati anali atatu, potengera mphatso zitatu zija, golide, lubani ndi mure. Akhristu ena a ku Syria ankati anali 12. Ufumu wawo udachokera ku Salimo 72 ndi Yesaya 60, kumene kuli mawu a mafumu obwera ndi mitulo, ngamira, golide ndi lubani. Tertullian wa ku Carthage adanenapo kale kuti anthu a kuvuma ankaona akatswiri oterewa pafupifupi ngati mafumu. Maina a Caspar, Melchior ndi Balthasar adayamba kuoneka cha m'ma 500, ndipo mpaka lero alipo pa chithunzi cha m'tchalitchi lina lakale la ku Ravenna, ku Italy. Kujambula mmodzi ngati munthu wakuda kudafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400. Ojambulawo ankadziwa zigawo zitatu zokha za dziko lapansi, Asia, Africa ndi Ulaya, ndiye chigawo chilichonse adachipatsa munthu wake wogwada pamaso pa mwanayo.

Choncho n'zoona kuti mfumu yakuda ija adachita kuiwonjezera. Koma mumuuze mnyamatayo awerenge zaka. David Livingstone adafika pa nyanja yathu mu 1859, patapita zaka pafupifupi 400 zithunzizo zitajambulidwa. Amene ankazijambula sankaganiza za Kawale kapena Mchesi. Ankalalikira anthu a kwawo, ambiri osadziwa kuwerenga, kuti mwana ameneyu si wa iwo okha. Chithunzicho ndi ulaliki wa utoto, ndipo ulalikiwo ndi woona ngakhale kuti Mateyo sadalembe choncho.

Tsopano tiwaone anthuwa mmene analili, osawaveka zisoti. Mawu a Chigriki amene Mateyo adagwiritsa ntchito ndi magoi. Poyamba ankatanthauza ansembe a chipembedzo cha ku Persia, kenaka adayamba kutanthauza aliyense wodziwa kumasulira maloto ndi kuwerenga nyenyezi kuti adziwe zam'tsogolo. Kwa Myuda wopembedza, dzina limeneli silinali laulemu. Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza. Pa Ntchito za Atumwi 13, munthu uja Elimasi amene Paulo adamudzudzula ku Kipro akutchulidwa ndi mawu omwewa, ndipo pamenepo mabaibulo athu amamasulira kuti wamatsenga. Ndiye taganizirani, mayi: anthu oyamba amene Mateyo akuwaonetsa akugwadira Yesu si ansembe a m'Nyumba ya Mulungu, si aphunzitsi a Malamulo, koma alendo osaumbalidwa, a chipembedzo china, ogwira ntchito imene Malamulo a Mose sankaifuna. Kuno kwathu tikanati anthu akunja, mwinanso tikanawanong'oneza kuti oombeza maula. Amene adamva nkhaniyi koyamba adadzidzimuka nayo. Ife tidaizolowera chifukwa cha tizithunzi tokongola ta m'khola.

Ndipo Mateyo adachita dala. Mwa Mithenga Yabwino inayi, wake ndiye wodzaza kwambiri ndi mawu a Chipangano Chakale, wolembera anthu odziwa Malamulo. Komabe pa mndandanda wa makolo a Yesu, m'mutu woyamba, adaikamo amayi anayi amene wolemba wofuna kutamanda mtundu wake akadawalumpha: Tamara, Rahabu wa ku Yeriko, Rute wa ku Mowabu, ndi mkazi wa Uriya Muhiti. M'mutu wa 8 Yesu akuyamikira chikhulupiriro cha mkulu wa asilikali achiroma, nati ambiri adzachokera kuvuma ndi kuzambwe kudzakhala pa phwando pamodzi ndi Abrahamu. M'mutu wa 15 muli mayi wa ku Kanani uja amene adakakamira mpaka mwana wake adachira. Pa mtanda, wovomereza kuti uyu analidi Mwana wa Mulungu ndi msilikali wachiroma. Bukuli likuthera pa lamulo loti ophunzira apite kwa anthu a mitundu yonse. Koyambirira mitundu ikubwera kwa mwanayo, kumapeto iye akutuma anthu ake kwa mitunduyo. Chingwe chake ndi chimodzi.

Mawu oti Epifania nawonso ndi a Chigriki, ndipo amatanthauza kuonekera, kudzionetsa poyera. Pa Khirisimasi timakondwerera kuti Mulungu adakhala munthu. Pa Epifania timafunsa kuti adadzionetsa kwa yani, ndipo yankho lili m'mawu achiwiri a Misa ya tsikuli, Aefeso 3. Paulo akuti pali chinsinsi chimene mibadwo yakale sidachidziwe koma tsopano chaululidwa: anthu a mitundu ina adzalandira nawo cholowa, ali ziwalo za thupi lomwelo, ndipo lonjezo lija ndi lawonso. Ife timamva mawu amenewa ngati chinthu chodziwikiratu. Kwa Mpingo woyamba sizinali choncho. Petulo adachita kuona masomphenya katatu asanalowe m'nyumba ya Kornelio, ndipo atabwerera ku Yerusalemu anzake adamuimba mlandu woti adadya ndi anthu osaumbalidwa. Padafunika msonkhano wonse wa atumwi, umene timauwerenga pa Ntchito 15, cha m'ma 49, kuti agwirizane zoti munthu angathe kukhala Mkhristu osayamba wasanduka Myuda.

Apa ndi pamene pali yankho lenileni kwa mwana wanu. Baibulo likamati "anthu a mitundu ina", likunena aliyense amene si Myuda. Mchewa ali momwemo, Myao ali momwemo, Mfalansa ndi Mskotishi alinso momwemo. Mzungu si mwini nyumba amene adatitsegulira chitseko. Iyenso ndi mlendo amene adalowa pa chitseko chomwecho, ndipo ambiri a iwo adalowa mochedwa kuposa Aafrika. Nduna ya chuma ya mfumukazi ya ku Ethiopia idabatizidwa pa Ntchito 8, Paulo asanatembenuke n'komwe. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ku Ethiopia, idalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300. Pamenepo n'kuti makolo a Angerezi akupembedzabe milungu yawo. Amishoni otumidwa ndi Papa Gregory adafika kwa iwo mu 597. Clovis, mfumu ya makolo a Afalansa, adabatizidwa cha m'ma 500, pamene Augustine woyera, mwana wa ku Africa amene mabuku ake adaphunzitsa Ulaya yense, anali atamwalira kale mu 430.

Chakachinso mizu yake ili kuno ku Africa. Cha m'ma 200, Clement wa ku Alexandria adalemba kuti kagulu kena ka ku Egypt kankakumbukira ubatizo wa Yesu pa masiku ofanana ndi 6 kapena 10 Januwale. Imeneyi ndiyo mbiri yakale kwambiri imene tili nayo ya tsikuli. Khirisimasi ya pa 25 Disembala imayamba kuoneka ku Roma mu 336. Kwa nthawi ndithu Akhristu a kuvuma ankakumbukira kubadwa ndi ubatizo wa Ambuye pa tsiku limodzi la 6 Januwale, ndipo Mpingo wa ku Armenia ukuchitabe choncho mpaka lero. Ku Ethiopia chakachi amachitcha Timkat, chimachitika pa 19 Januwale, ndipo anthu miyandamiyanda amapita ku madzi kukakumbukira ubatizo wa mu Yordani. Ife a Mpingo wa kuzambwe tidatsindika za alendo a nyenyezi, komabe m'mapemphero a madzulo a tsikuli timatchula zinthu zitatu pamodzi: nyenyezi, ubatizo wa mu Yordani, ndi madzi osanduka vinyo ku ukwati wa ku Kana. Zonse zitatu ndi nthawi zimene Yesu adadziwika kuti ndani. Tsiku lenileni ndi 6 Januwale, koma m'mayiko amene tsikuli si la tchuthi, Mpingo umalola kulisunthira pa Lamulungu la pakati pa 2 ndi 8 Januwale, n'chifukwa chake ife timalichita Lamulungu.

Augustine uja ankalalikira chaka chilichonse pa tsikuli ku Hippo, mu dziko limene lero ndi Algeria, ndipo maulaliki ake ena adasungika. Fanizo lake ndimalikonda. Ankati abusa a ku Betelehemu anali Ayuda, ochokera pafupi. Akatswiri a nyenyezi anali a mitundu ina, ochokera kutali. Makoma awiri, lina lochokera uku lina uko, okumana pa mwala umodzi wa pangodya. Alendowo ankawatchula kuti zipatso zoyamba za mitundu ina, ndipo anthu ake ankawauza kuti ife ndife zokolola zotsatira. Fanizoli limatitchinjirizanso ku cholakwa china chimene ndimachimva m'maulaliki ena, chonena ngati kuti Ayuda onse adakana ndipo ife tidalowa m'malo mwawo. Maria ndi Myuda, Yosefe ndi Myuda, atumwi onse ndi Ayuda, mwanayonso ndi Myuda. Tidalumikizidwa ku khoma lawo, sitidaligwetse.

Sindikufuna kuti mukamuuze mwana wanu ngati kuti mbiri ya mishoni kuno ilibe zipsera. Ansembe a White Fathers adafika kwa Mponda, ku Mangochi, mu 1889, nachoka mu 1891 osaphula kanthu. A Montfort adatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901. A White Fathers adabweranso mu 1902, natsegula Mua ndi Chiwamba, ndipo mishoni ya Chiwamba idasamukira ku Likuni mu 1903. A Dutch Reformed anali atayamba kale ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896. Zaka zimenezi ndi zomwezo zimene atsamunda ankakhazikitsa boma lawo ndi msonkho wawo, ndiye munthu wa kumudzi sizinali zapafupi kusiyanitsa wobwera ndi Baibulo ndi wobwera ndi chikwapu. Ambiri mwa amishoniwo adafera kuno ndi malungo ali anyamata, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Komanso ena adaona ng'oma, maina athu ndi magule athu onse ngati za mdima, osayamba afunsa tanthauzo lake. Padatenga mpaka 1937 kuti Mmalawi woyamba, Cornelio Chitsulo, adzozedwe unsembe mu Mpingo wa Katolika, ndipo mpaka 1957 kuti akhale episkopi ku Dedza. Kuno ku Lilongwe episkopi woyamba wa Chimalawi, Patrick Kalilombe, adalowa mu 1972, ndipo miphakati imene inu mukutsogolerayi idazika mizu pa nthawi yake. Kuchedwa konseku kudali kulephera kumva uthenga wa Epifania, ndipo ondidzudzula pa mawu amenewa ndimawauza kuti wonyamula kalata si mwini kalata. Pomwe wonyamulayo adalakwitsa, kalata yomweyo ndi imene imamutsutsa.

Tibwere ku makolo athu, chifukwa ndikuona kuti funso limeneli ndi limene lakulasani mtima kwambiri. Onani mmene Mulungu adawaitanira alendo aja. Sadawatumizire mneneri kapena mpukutu wa Malamulo, zinthu zimene sakadazimva. Adalankhula nawo m'chinenero chimene ankachidziwa, cha nyenyezi. Anali anthu ofunafuna ndi kuwala kochepa kumene anali nako, ndipo Mulungu sadakunyoze kuwalako. Makolo athu nawonso sankakhala opanda dzina la Mulungu. Ankati Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi. Mvula ikavuta ankapita ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, kapena ku phiri la Bunda, kukapempha kwa iye amene amagwetsa mvula. Omasulira Baibulo atafika sadabwere ndi dzina lachilendo. Adapeza mawu oti Mulungu ndi Chauta ali kale pakamwa pa anthu, nawagwiritsa ntchito. Agogo amene ankalandira mlendo usiku, kulera mwana wamasiye ngati wake, kukana kunamizira mnzake pa bwalo, sankachita zimenezo Mulungu ali kutali nawo.

Izi si maganizo anga okha. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, mu chikalata chotchedwa Lumen Gentium cha mu 1964, ndime 16, udaphunzitsa kuti anthu amene sadziwa Uthenga wa Khristu kapena Mpingo wake popanda kulakwa kwawo, koma amafunafuna Mulungu ndi mtima woona, nayesetsa mothandizidwa ndi chaulere chake kuchita zimene mtima wawo ukuwauza kuti n'zolungama, angathe kulandira chipulumutso chosatha. Ndime yomweyo imatchulanso Asilamu mwaulemu, ngati anthu opembedza nafe Mulungu mmodzi wachifundo. Palibe wansembe amene angakuuzeni kuti agogo akutiakuti ali kumwamba kapena ayi. Kuweruza n'kwa Mulungu yekha. Koma mungathe kumuuza mnyamatayo mosakayika kuti Mpingo suphunzitsa kuti munthu amatayika chifukwa adabadwa mishoni ya Likuni isanamangidwe. Amene adapulumuka mwa iwo adapulumuka chifukwa cha Khristu yemweyo, ngakhale dzina lake sadalimve. Imfa yake imafika kumbuyo ndi kutsogolo komwe. N'chifukwa chake ine ndimawapempherera makolo anga pa Misa ya pa 2 Novembala popanda mantha.

Komabe nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitiyenera kuidumpha. Nyenyezi idawanyamula alendowo kwawo, koma poyamba idangowafikitsa ku Yerusalemu, ku nyumba ya mfumu yolakwika. Kuti adziwe za Betelehemu padafunika kutsegula Malembo, pa Mika 5. Safunsa adadya phula, iwo adafunsa. Ndiye Epifania sikuphunzitsa kuti njira zonse n'zofanana, kapena kuti kulalika n'kosafunika. Ikuphunzitsa kuti chilichonse choona chimene munthu ali nacho chimamukokera kwa mwanayo, ndipo akafika amagwada. Sikutinso tiziwerenga tsogolo lathu pa nyenyezi kapena kuthamangira aliyense wotilonjeza kutiululira za mawa; Katekisimu wa Mpingo amakana zimenezo poyera. Atamuona mwanayo, Mateyo satchulanso nyenyezi. Za chimene nyenyeziyo inali, akatswiri akhala akukambirana kwa zaka mazana; katswiri wa zakuthambo Johannes Kepler adawerengera kuti mapulaneti a Jupiter ndi Saturn adayandikana kumwamba m'chaka cha 7 Khristu asanabadwe, ena amati inali nyenyezi ya mchira. Mateyo mtima wake sunali pamenepo. Zikuoneka kuti iye ankakumbukira Numeri 24:17, pamene Balamu, mlosi winanso wachilendo, adaneneratu za nyenyezi yotuluka mwa Yakobe.

Anthu amene amandisowetsa tulo m'nkhaniyi si Herode ayi, koma akulu a ansembe ndi aphunzitsi a Malamulo. Adafunsidwa kuti Mpulumutsi adzabadwira kuti, nayankha molondola, ndime yake ndi mneneri wake. Kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Betelehemu ndi makilomita pafupifupi 9, ngati kuchoka pa depoti m'tauni kupita ku Likuni, mtunda woti munthu amayenda wapansi m'mawa umodzi. Alendo adayenda masabata kapena miyezi. Eni Malembo, amene adawalozera njira, Mateyo sakutchula ndi mmodzi yemwe amene adanyamuka kuwaperekeza. Pamene nkhaniyi inkalembedwa, ife tinali alendowo. Lero, patatha zaka zoposa 120 chimangire Likuni, ife a m'kwaya, a m'mabungwe, ansembe ndi atsogoleri a miphakati, tili pa mpando wa aphunzitsi aja. Mayankho tikuwadziwa. Miyambi yathu imati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sitikalandira ngati tayamba kale kumufunsa mlendoyo kuti kwanu n'kuti.

Ndikuuzeni zimene ndidaona pa parishi ina mumzinda muno. Mayi wina wochokera ku dziko loyandikana nalo, wogulitsa tomato ndi makala, adamwalira mwadzidzidzi. Ankabwera ku Misa Lamulungu lililonse, kukhala kumbuyo, chifukwa Chichewa chinkamuvuta. Mphakati wa dera lake udakhala pansi kukambirana ngati uyenera kukagona pa maliro ndi kuphika, popeza dzina lake silinali m'kaundula ndipo sankasonkha. Zokambiranazo zidatenga nthawi yaitali. Atafika pa nyumba ya siwa adapeza amayi a Chisilamu oyandikana naye atasesa kale, atatunga madzi, ana a malemuyo atawapatsa phala. Ineyo ndinali ndisanapiteko n'komwe, ndipo kwa zaka ziwiri zimene mayiyo ankakhala kumbuyo kwa tchalitchi changa sindidamufunsepo dzina. Patangopita masabata ochepa ndidaimirira pa guwa kuwerenga Mateyo 2, ndipo mawu oti aphunzitsi a Malamulo adandivuta kutchula.

Herode yekha nkhani yake njodziwika. Sanali wa banja la Davide. Ufumu adaupatsidwa ndi Aroma m'chaka cha 40 Khristu asanabadwe, ndipo adaukakamira ndi magazi, mpaka kupha mkazi wake Mariamne ndi ana ake atatu. Munthu wotere akamva za mfumu yobadwa kumene, amangomva kuti mpando wagwedezeka. Zotsatira zake n'zakuti banja loyera lidathawira ku Ejipito usiku. Mpulumutsi wa mitundu yonse adayamba moyo wake ngati wothawa kwawo, ndipo nthaka imene idamubisa ndi ya Africa. Sitingawerenge zimenezi kuno ku Lilongwe osakumbukira Dzaleka, ku Dowa, kumene kuyambira 1994 kwakhala anthu othawa nkhondo ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina. Dziko lathu lidasungapo anthu pafupifupi miliyoni imodzi ochokera ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo ya kwawo, ndipo lidachita bwino. Mtima womwewo ndi umene umayesedwa pamene tikusankha wapampando wa parishi n'kumanong'onezana kuti uyu ngwa kumpoto, uyu ngwa kum'mwera, kapena pamene mwana wathu wabweretsa chibwenzi cha mtundu wina. Tchalitchi cha mumzinda uno chimasonkhanitsa Achewa, Atumbuka, Alomwe, Ayao, Asena, Angoni, Atonga ndi Ankhonde pa benchi limodzi. Yesaya 60 timamuona ndi maso Lamulungu lililonse ku Maula, ku Chilinde ndi ku Kawale komweko. Chotsala n'chakuti zimene zikuoneka pa benchi zifike m'kaundula wa mphakati ndi pa maliro.

Za mphatso ndinene mwachidule. Irenaeus wa ku Lyon, m'zaka za m'ma 100, adamasulira kuti golide ngwa mfumu, lubani ngwa Mulungu, ndipo mure ngwa munthu amene adzafa ndi kuikidwa m'manda; Nikodemo adabweradi ndi mure podzaika mtembo wa Yesu, pa Yohane 19. Kwathu kuno tikudziwa kuti kwa mfumu sapita chimanjamanja. Chimene ndimaona n'chakuti alendowo adabweretsa za kwawo, zimene dziko lawo limatulutsa, ndipo zidalandiridwa. Ng'oma zathu pa Misa, nthungululu pa nthawi yokweza Ukaristia, ziboliboli za ku Kungoni ku Mua zoonetsa Maria ngati mayi wa Chichewa atabereka mwana kumbuyo, zonsezi ndi golide ndi lubani wathu. Chakachi chimatipeza mu Januwale, nkhokwe zitapepuka, feteleza wachiwiri akufunika, fizi ya ana ikudikira. N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri chopereka cha ana a Utumiki wa Ana pa tsikuli. Bungweli adaliyambitsa episkopi Charles de Forbin-Janson ku France mu 1843, kuti ana azithandiza ana anzawo, ndipo kandalama kamene mwana wa ku Kawale amaponya m'mbale kamakathandiza mwana wa dziko limene sadzaliona. Mwanayo pamenepo sali wolandira chabe. Walowa mu mzere wa onyamula mphatso.

Ku mphakati musakayese kunena zonsezi. Kawerengeni Mateyo 2:1-12 kawiri, pang'onopang'ono, kenaka mufunse anzanuwo kuti atchule zimene ankaganiza kuti zilimo koma mulibe. Akadabwa mokwanira, muwerenge Aefeso 3:5-6, ndipo mufunse funso limodzi lokha: m'dera lathu lino, ndani amene amabwera ku tchalitchi kapena amakhala pafupi nafe koma dzina lake sitilidziwa? Mulembe nyumbazo, mugawane zokaziyendera sabata yomweyo, mvula kapena ayi. Mafumu a m'khola musawachotse. Khola limakhala mpaka chaka cha Ubatizo wa Ambuye, chimene chimatseka nyengo ya Khirisimasi. Mnyamata wanuyo mumupemphe kuti ndiye akawerenge Mateyo pa msonkhanowo, ndipo funso lake la makolo akalifunse yekha pamaso pa onse. Ndikudziwa kuti alipo akuluakulu mu mphakati wanu amene akhala nalo mumtima zaka zambiri osalitulutsa. Akafuna kupitiriza kukambirana, abwere ku parishi Loweruka lililonse m'mawa, Baibulo lake ali nalo m'manja.